Mtedza wa Oupa

Amayi anga agwira ntchito pa famu ya ndiwo zamasamba ku Philippi, kuno ku Joni, kuyambira ndili kumsana. Timagona m'kachipinda kuseri kwa shedi yotsukira karoti, ndipo kusukulu ndimapita wapansi. Eni famuyi ndi mzungu wokalamba amene tonse timawatchula kuti Oupa, kutanthauza agogo. Makolo awo anachokera ku Jeremani kalekale, kumudzi wina waung'ono wa alimi, n'kudzapatsidwa mchenga uno kuti alime.

M'shedimo muli chithunzi chofwifwa cha mudziwo: nyumba zofolera ndi udzu, katchalitchi ka njerwa, ng'ombe zili pamsewu. Ndili wamng'ono ndinkaganiza kuti ndi kwathu ku Ntcheu, chifukwa cha udzuwo. Ku Ntcheuko sindikukumbukirako chilichonse.

Chaka chino Oupa anatiuza kuti famu yagulitsidwa kwa anthu okumba mchenga, ndipo tikadula kabichi womaliza tonse tichoke. Amayi anangoti tibwerera kumudzi. Ine ndatsala ndi chaka chimodzi kuti ndilembe matiriki, mayeso omaliza a kusekondale, ndipo ndikachoka kuno sindikudziwa ngati ndidzakhalenso m'kalasi.

Loweruka lina amayi anakazinga mtedza, n'kuumanga m'kapepala. Kwathu munthu akamanyamuka ulendo wautali sumutsanzika chimanjamanja. Ananditenga kuti ndikamasulire, poti Chingelezi chawo n'cha kumunda basi. Tinawapeza Oupa ali pakhonde. Amayi anagwada, n'kupereka mtedzawo ndi manja awiri.

"Uwauze kuti ndi kamba wa panjira. Uwafunsenso, anyamuka liti kupita kumudzi?"

Ndinamasulira. Oupa anaseka mpaka kutsokomola.

"Mudzi uti, mama?"

"Wa pachithunzi uja," ndinatero.

Oupa anati anapitako kamodzi kokha, mkazi wawo asanamwalire. Anapeza sukulu itatsekedwa, golosale itatsekedwa, makola opanda ng'ombe. Achinyamata onse anapita kutauni. Atalankhula chinenero chimene anaphunzira kwa agogo awo, mayi wina anamwetulira n'kuwauza kuti akulankhula ngati anthu akale, kenako anawayankha m'Chingelezi. Dzina la banja lawo palibe analidziwa.

"Nanga manda?" amayi anafunsa. "Manda sanawaonetse?"

Oupa anati kumeneko pakapita zaka, abale akasiya kusamalira, mwala amauchotsa ndipo pamalopo amaikapo munthu wina. Ndinamasulira pang'onopang'ono. Amayi anagwira pakamwa.

"Aaa, manda n'kufufuta? Iwe, wamva bwino?"

"Ndamva bwino, amayi."

"Ndiye akupita kuti, agogo ako amenewa?"

Akupita kunyumba yosungira okalamba cha ku Milnerton. Ana awo safuna zolima. Amayi anafunsanso kuti akamwalira adzawanyamula ndani, koma funso limenelo sindinalimasulire. Oupa anatsegula kapepala kaja, nayang'ana mtedzawo. Mano alibe. Anathokoza, n'kuuika m'thumba la malaya.

Pobwerera tinadutsa m'mizere ya kabichi, mphepo ikutithira mchenga m'maso. Ndinkaganiza za asuweni anga amene ndikalankhula nawo pafoni amafa ndi chiseko, amvekere "wa ku Joni wayamba, tamverani Chichewa chake." Ndinawafunsa amayi kuti ku Ntcheu amandidziwa ndani.

"Manda a agogo ako alipo," anatero. "Palibe wafufuta."



Ndapempha amayi ena a kutchalitchi kwathu, amene amakhala ku Langa, kuti andisunge mpaka ndilembe mayeso. Anati nyumba ndi yopanikiza koma akambirana ndi amuna awo. Lamulungu lapitali anandipatsa moni mofulumira, osatchula nkhaniyo. Ndikuwerengabe masana alionse ndikaweruka, nditakhala pa kreti m'shedi, pansi pa chithunzi chija. Amayi anga ayamba kale kulongedza m'zikwama. Dzulo ndinapita kumunda kukafinya mitu ya kabichi, ndipo yambiri yalimba.