Ndege Yosazimitsa Injini

Tinanyamuka ku Nabvutika, ku Chipata, m'mawa pa galimoto ya mpingo, amuna anga atagona kumbuyo pa matiresi. Lole inawagunda pa msewu wa ku Chipangali, ndipo adokotala anati mwendo ukapanda kukachitidwa opaleshoni ku Lusaka tsiku lomwelo, audula. Munali mu 1994, mvula ili pakati.

Pabwalo la ndege tinapeza kandege ka amishoni kakulira kale. Apongozi anga omwe anatiperekeza, mkulu wa mpingo amene sayamba ulendo ngakhale wa kumunda osapemphera, anapempha woyendetsa ndegeyo kuti azimitse injini tiweramitse mitu. Iye anakana. Anati makina odzutsa injini avuta m'mawa, akazimitsa mwina siidzukanso. Ndinapsa mtima, ndinati mumtima munthuyu ndi wachikunja. Apongozi anagwada pa udzu n'kupemphera mokuwa, chipewa chikuuluka, koma palibe anamva liwu ndi limodzi lomwe.

Titadutsa mapiri a ku Katete, kanyali kofiira kanayaka kutsogolo. Woyendetsa anayamba kuzimitsa zinthu chimodzichimodzi, mpaka wailesi. Ndinafunsa chavuta n'chiyani. Anandiuza kuti makina aja ndi amodzi: pansi amadzutsa injini, m'mwamba amapanga magetsi. Tsopano afa, tatsala ndi batire basi.

"Nanga injini?"

"Imeneyo ikuyenda yokha, mayi. Bola isazime."

Mayo ine! Tinalowa mumtambo wakuda bii, ndege ikudumpha ngati ngolo pa mizere. Amuna anga ankabuula, bandeji itanyowa magazi. Ine khutu langa lonse linali pa injini. Ikasintha mawu pang'ono, mtima unkaima. Ndinkaopa kufa, ndinkaopanso kutera kutchire mwendo n'kuwolera pomwepo. Chinangwa chomwe ndinatenga ndinachifinya m'manja mpaka chinasanduka phala.

Tinatera ku Lusaka masana. Ambulansi itatenga amuna anga, woyendetsa ndege uja anazimitsa injini n'kuyesa kuilizanso ndili pomwepo. Inangoti kete, basi. Ndinazindikira kuti tikanazimitsa ku Chipata, bwenzi tili pa udzu paja mpaka pano.

Mwendo unapulumuka, ngakhale amuna anga amatsimphina. Nditabwerera ndinafunsa apongozi zomwe anakuwa tsiku lija.

"Ndinamva zomwe ananena woyendetsa uja," anatero. "Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti injiniyo isazime."