Supageti wa ku Joni

M'mawa uno ndimakazinga makaroni osakaniza ndi mazira, timibulu toti mwana wanga Tamara akadye ndi manja kusukulu. Fungo lake landibwezera kwathu ku Bandawe.

Ndili Sitandade 2, asibweni, alongo awo a amayi, anabwera kuchokera ku Joni ndi paketi ya supageti. Ndinauza kalasi yonse kuti Lolemba ndibweretsa chakudya cha ku Joni.

Amayi anathyola kamodzi n'kununkhiza. "Zouma ngati makaka izi. Tidziwa bwanji kuti sizipha?" Anaziviika m'ndowa masiku awiri, monga timachitira ndi chinangwa cha kondowole.

Lolemba m'mawa zonse zinali phala. Ndinalira. "Ama, akandiseka!"

"Pukuta mamina, undipatse dzira limodzi," anatero. Anafinya madzi, n'kuthiramo dzira, mchere ndi anyezi, kenako anakazinga timibulu tisanu.

Kusukulu anzanga analimbirana, wina mpaka kunyambita zala. "Koma ku Joni amadya bwino!" Inenso ndinakhulupirira kuti kumeneko amaphika choncho.

Nditakula m'pamene ndinazindikira kuti amayi sankachidziwa chakudyacho, koma sakanalola kuti chilowe m'kamwa mwanga asanachichotse chiphe.