Chiswe chinatsiriza kabuku ka bambo anga

Kabuku ka bambo anga ndinakapereka ndekha kulaibulale yathu, palibe anandikakamiza, ndipo mpaka lero ndimadzitukwana. Bambo anali onyamula katundu wa alendo ku Likhubula, phiri la Mulanje lija ankalikwera ngati akupita kudimba. Kulemba sankadziwa. Atakalamba, mphunzitsi wina anakhala nawo pakhonde masabata angapo n'kumalemba zonse: mayina a Chilomwe a tinjira, maiwe ndi mitengo, komanso nyimbo zomwe ankaimba katundu akalemera. Anataipa, n'kumanga mapepalawo ndi timawaya tiwiri. Kanali kamodzi kokha. Ine Chilomwe ndimangomva apo ndi apo, ndiye mawu a bambo anatsala m'menemo basi. Atamwalira ndinati kwanga kuno denga limadontha, kakakhale kwa anthu odziwa kusunga mabuku. Uchitsiru wanga umenewo!

Kenaka kunabwera makompyuta. Tsiku lina ndikuchokera kumsika wa Chonde ndinapatukirako, ndinapeza mashelefu a mabuku akale atachotsedwa. Pamalo pake panali matebulo, patebulo lililonse chinthu chofunditsidwa chitenje. Woyang'anira laibulale, bambo wina wosavula tayi ngakhale kutenthe chotani, anandiuza kuti mabukuwo awalongedza m'makatoni, ali m'kachipinda kakuseri.

"Mayi, musadandaule," anatero. "Zonse tidzazijambula n'kuziika pa intaneti. Dziko lonse lidzawawerenga bambo anu."

"Dzikolo lidikire. Ndipatseni kaye kabukuko."

"Aaa, m'menemo muli mawaya a makompyuta. Simulowa munthu mpaka akuluakulu adzatsegulire."

Ndiye khalidwe lathu limenelo. Chinthu chatsopano sichikhudzidwa mpaka bwana abwere adule riboni, ngakhale chikhale chimbudzi. Makompyuta anagona m'zitenje, makatoni anagona pansi pa simenti yong'ambika, ndipo mvula inayamba. Mvula ya kuno ku Mulanje mukuidziwa, ikayamba khoma lililonse limatuluka thukuta.

Ndinapitako mpaka nsapato zinaidziwa njira. Lero bwana ali kumaliro, mawa ali kumsonkhano, mkuja galimoto yafa. Ndinapempha, ndinachonderera, ndinagwada ine mayi wamkulu pamaso pa munthu wa tayi. Tsiku lina ndinakalipa mpaka mlonda anabwera kudzandiuza kuti muno sitifuula. Ndinati, "Simufuula, inde, koma kumvanso simumva!" Ndinkamuda woyang'anira uja, ndisaname, ndinkamuda ndi tayi yake yomwe.

Bwana anabwera mvula itatha. Kunali tenti, kunali zolankhula, anaitananso ovina tchopa kuti alendo aone kuti ife Alomwe chikhalidwe timachisunga. Ndinaseka chokwiya. Riboni inadulidwa, zitenje zinachotsedwa, anthu anaomba m'manja poona phiri lathu lomweli likuwala pagalasi, pamene lenilenilo linali kuseri kwawo. Makinawo ankagwira ntchito bwinobwino, pamenepo sindingawanamizire. Koma ine sindinaombe m'manja. Ndinamugwira malaya woyang'anira uja pamaso pa alendo, ndinati, "Atsegulira. Tiyeni kuseri."

Chitseko chinachita kukankhidwa ndi phewa. Fungo lake linali la nkhokwe yovunda. Katoni yoyamba poinyamula, pansi pake panatsalira pomwepo, ndipo m'manja mwa woyang'anirayo munagwera dothi lofiira. Chiswe chinali piringupiringu. Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi zala, katoni ndi katoni, chikundiluma, mpaka ndinapeza kachidutswa ka chikuto chobiriwira ndi timawaya tiwiri ta dzimbiri. Ndinalira mokweza, tchopa akuvinabe panja.

"Pepani, mayi," anatero bambo uja, akusasa dothi pa tayi. "Koma mukakumbukira zina, bwerani mudzataipe. Makompyutawa ndi aulere."

Ndikanakhala mwamuna ndikanamumenya. Ndikumbukire chiyani, poti chimene ndinkadalira kuti chizindikumbutsa ndi chimenecho? Timawayato ndinatikulunga pakansalu, tili m'sutikesi. Kulaibulaleko sindinapondekonso, ndikamadutsa ndimayang'ana kumbali.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera ku Blantyre, tinakwera pang'ono ku Likhubula mpaka padziwe lina lomwe bambo ankakonda kupumirapo. Anandifunsa kuti agogo ake ankalitchula kuti chiyani dziwelo. Dzinalo linali m'kabuku muja. Iye anatulutsa foni n'kufufuza, ndipo anandiwerengera dzina la Chingerezi lomwe alendo analipatsa.