Mpope wa mfuti ya adadi

Kusukulu kwathu ku Dudley, pafupi ndi Birmingham, ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi, kutsanzira mawu a anthu. Ndinaimbirapo foni aphunzitsi a masamu ndi mawu a ahedi, iwo n'kuthamangira ku ofesi kukapepesa mlandu womwe sankaudziwa. Ndinkangomumva munthu kawiri, basi, mawu ake asanduka anga.

Amami ndi nesi. Adadi ankayendetsa basi, ndipo mnzawo wa kuntchito, mzungu, anawalowetsa m'masewera owombera timbale tadothi kumafamu Loweruka. Anatenga laisensi, anagula mfuti yakale, apolisi anabwera kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo. Kutchalitchi ankawatcha mlenje wa mbale.

Ndili mu Year 10 kusekondale, adadi anachotsa mpope wa mfutiyo n'kukausiya kwa mmisiri wina wokalamba ku Birmingham. Ankafuna audule mazinga kukamwa kwake kuti azisintha machoki, timapaipi tomangirira tomwe timachititsa kuti zipolopolo zizituluka mothinana kapena momwazika. Mmisiri anati mpopewo ndi wopyapyala, ntchito yake si yothamangira, akamaliza aimba pafoni ya m'nyumba.

Mpope uli konko, mng'ono wawo wa adadi anamwalira kumudzi. Mapepala athu okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, choncho maliro anaonera pafoni, atakhala pa sofa atavala jekete. Posakhalitsa anagunditsa basi pachipupa, kuntchito n'kuwaimitsa. Anasiya kumeta, anasiya kudya. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza kuchipinda, kabati ili chitsegukire, atanyamula mbali yathabwa ya mfuti ija pamiyendo. Tsiku lina anavula wotchi yawo n'kundipatsa, akuti ndizisamala amami. Kenako anafunsa ngati mmisiri waimba.

Ndinawauza amami. Anali akuvala nsapato kupita ku shifiti. Anati ndisakanene kwa aliyense, apolisi akalowerera mapepala athu asokonekera, tipemphera. Koma m'maso mwawo ndinaona kuti akudziwa zomwe ndinkadziwa.

Mmisiri ataimba, ndinayankha ndine. Ndinatsitsa mawu, n'kuikamo Chingerezi cha adadi chija chothera ndi "my friend". Anati ntchito yatha, machoki akulowa bwinobwino. Ndinati ndasintha maganizo, aupakenso utoto wake wakuda mpope wonse ukhale ngati watsopano, ndipo asafulumire. Mawa lake ndinabwereka foni ya mnzanga n'kuimbira adadi ndi mawu a mmisiri, otulukira m'mphuno ngati a nkhalamba zonse za ku Birmingham. Ndinati makina aphwanyika. Ulendo wotsatira, mkazi wanga wagonekedwa. Kenako galu wafa. Galuyo ndinamupha mwaluso moti adadi anapepesa. Mnzanga anagubuduka pansi ndi phwete, osadziwa chomwe tinkasewera nacho. Nanenso ndinaseka. Zinkandikoma, sindinama.

Adadi anatopa nazo. Anakwera basi okha, ndevu zili nyankhalala, kukatenga katundu wawo. Zomwe zinachitika kumeneko ndinazimva kwa amami. Mmisiri anati alibe galu ndipo mkazi wake anamwalira kalekale. Adadi anakalipa, kenako anayamba kulira pakauntala. Nkhalamba ija inawayang'ana, inawapangira tiyi, mpope n'kuubwezera kuseri. Inaimbira apolisi oona za mfuti iwo ali pomwepo.

Apolisiwo anabwera kunyumba kudzatenga mbali yathabwa ija, zipolopolo ndi laisensi. Aneba ankasuzumira m'mawindo. Kutchalitchi nkhani inafika tisanafike ife, ndipo amami anasiya kwaya. Adokotala anawalembera adadi mankhwala omwe amawagonetsa mpaka masana.

Apolisi atapita adadi anandiitana kukhitchini.

"Unali iwe?"

Ndinawayankha ndi mawu a mmisiri, kuti pepani bwana, makina aphwanyika.

Mbama yomwe anandimenya ndimaikumbukabe. Amami anati ndigwade ndipepese, ndinakana. Ndinangoika wotchi ya adadi ija patebulo n'kukwera kuchipinda.

Mpaka pano adadi salankhula nane kwenikweni. Akafuna mchere amauza amami kuti auze mwana wawoyo. Ku basi sanabwerereko, amalongedza katundu mu weyahausi ku Bilston. Mu kabati yachitsulo muja amami amasungamo zitenje. Wotchi ija adadi anaivalanso, ngakhale sindinaone tsiku lomwe anaitola.

M'mawa akamatsokomola kubafa, ine ndimatsokomola chimodzimodzi kuchipinda kwanga, ndendende, mpaka amenye chipupa n'kukalipa kuti ndisiye zachibwanazo. Sindisiya.