Phukusi la Amalume ndi Tikiti Yanga

Anthu a kumpingo kwathu ku Scarborough, mumzinda wa Toronto kuno ku Canada, amadziwa kuti ndimakonda besibolo, ndipo amandiseka. Amati mayi wamkulu ngati ine, wa ku Ntcheu, ndikufunanji pa masewera oti munthu amangoima ndi chibonga kudikira mpira. Masewerawa ndinawaphunzira ku ntchito, kunyumba yosamalira okalamba, kwa mkulu wina amene maso anali atasiya kuona. Ndikamamudyetsa ankati ndizimufotokozera zimene zikuchitika pa TV, iye n'kumandikonza ndikalakwitsa. Pomwe ankamwalira n'kuti ine nditalowerera kale.

Chimene ndinkalakalaka ndi cha mwezi wa Malichi. Kuno chipale chikadali mbwee m'misewu, timu yathu imakhala ili ku Florida, kukonzekera chaka chatsopano pa kabwalo kakang'ono. Osewera amene mu Toronto umawaonera patali ngati nyerere, kumeneko amakhala pafupi, pakati panu pali mpanda wokha. Ukalawira umawaona akudziwongola ndi kuponyerana mpira, ena amabwera kudzasayina pa chipewa chako. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkangoti chaka chamawa. Kenako ndinalimba mtima. Ndinasinthana mashifiti ndi anzanga awiri, ndinagwira ntchito pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere, kuti ndipeze masiku atatu: kupita Lachisanu, mpira Loweruka 1 koloko masana, kubwerera Lamulungu. Mpira umodzi wokha basi.

Kupusa kwanga kunali kuimika dzanja m'tchalitchi ndi kupempha kuti atipempherere pa ulendo. Titangotuluka, mayi wina amene anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi anandikoka pakhomo. Anali ndi phukusi la amalume a amuna anga, amene amakhala ku Florida komweko: zitenje ziwiri, tiyi ndi mabotolo a tsabola. Amuna anga analilandira ndi manja awiri ine ndisanatsegule pakamwa.

"Tikangodropa m'mawa," anatero ali m'galimoto. "Ten minutes, amayi. Akadzamva kuti tinafika osawaona, nkhope tidzaiika pati?"

Kwa Amalawi, Florida yonse ndi mudzi umodzi. Pa mapu, nyumba ya amalumewo inali ola ndi theka kuchokera ku bwalo. Ndinaona kuti tikanyamuka 6 koloko, pofika 10 ndikhala nditaima pa mpanda. Ndinavomera. Loweruka m'mawa ndinavala jezi yanga ya timu, n'kumanga chitenje pamwamba pa buluku polemekeza akuluakulu.

Tinawapeza amalume atavala suti. Pamenepo ndinadziwa kuti zavuta, chifukwa munthu savala suti polandira phukusi. Pabalaza panali mabanja ena awiri amene anawaitana kuti adzaone alendo a ku Canada, lina la ku Chipata, lina la ku Mulanje. Moni unayamba, mmodzimmodzi, aliyense kufunsa za ana, za ntchito, za kuzizira, ine kuyankha nditagwada. Moni usanathe, akazi a amalume anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Apongozi, tabwerani kuno. Nkhuku iyi ndi ya lokolo, tinadraiva one hour kukaigula ku famu. Si za mu supermarket izi."

Nkhuku ya lokolo sipsa msanga, aliyense amadziwa. Ndinadula anyezi, ndinasankha mpunga, maso ali pa wotchi ya pa chitofu. Itakwana 10 koloko ndinatengera madzi pabalaza n'kunong'oneza amuna anga kuti tizipita.

"Tichoke nkhuku ili pamoto? Amayi, be serious," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

Amalume anamva. Anafunsa kuti changu chake n'cha chiyani. Amuna anga anafotokoza mochita manyazi, ngati akupepesa za matenda a m'banja.

"Besibolo? Mwakwera ndege chifukwa cha besibolo?" Amalume anaseka mpaka kuvula magalasi. "Ine twenty years kuno, sindinapondeko. Khalani pansi, apongozi, mpira sutha."

Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, ndipo ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Makiyi a galimoto ya hayala anali m'chikwama changa, layisensi ndinali nayo. Ndikanatha kunena mwaulemu kuti pepani, ndidzawatenga bambowa madzulo. Ndinabwerera kukhitchini kukakazinga kabichi.

Tinadya cha m'ma hafu 12, pemphero la bambo a ku Chipata litazungulira Malawi, Zambia, Canada ndi America. Kenako mbale. Mpongozi sasiya mbale zakuda m'nyumba ya eni, ndiye ndinatsuka, jezi yanga itanyowa pamimba. Kutsanzikana kunatenga nthawi yakenso, pabalaza, pakhonde, ndiponso pa zenera la galimoto. Tinanyamuka mpira utayamba kale.

Mpira wa besibolo uli ndi zigawo zisanu ndi zinayi. Tinalowa m'bwalo pa chigawo chachisanu ndi chiwiri, anthu ambiri akutuluka. Tsono pa masewera okonzekerawa osewera otchuka samaliza. Amasewera zigawo zoyambirira zokha, n'kukasamba, n'kumapita kwawo, malo awo n'kulowa achinyamata ongoyesedwa, ovala manambala akuluakulu, amene mwina sudzawamvanso. Ndinkadziwa zimenezi, komabe ndinafunsa bambo wina wokalamba woonetsa anthu mipando. Anayang'ana tikiti yanga, anayang'ana ine, n'kundiuza mwachifundo kuti akuluakulu onse anachoka kalekale.

Mpando wanga unali wabwino zedi, mzere wachinayi, pafupi kwambiri moti ndinkamva mpira ukulira m'gulovu. Udzu unali wobiriwira, dzuwa likuwotcha pakhosi. Zonse zinali monga mmene ndinkaganizira zaka zonse zija, kungoti ndinafika zitatha. Ndinakhala mphindi makumi anayi ndikuonera anthu osawadziwa. Manja ankanunkhabe anyezi.

"Kabwalo kake kakang'ono bwanji," anatero amuna anga akuyasamula. "Bola tawaona amalume. Mwandilemekezetsa lero, amayi."

Ndinali nditakwiya moti ndikanatsegula pakamwa, tikanabwerera ku Toronto pa ndege ziwiri.

Sindinapitekonso. Kuntchito anasintha malamulo, mashifiti sitisinthana mwachisawawa ngati kale, ndipo mawondo anga sakufunanso Khirisimasi ina yoimirira. Amalume anaimbira foni anthu a kumpingo kwathu kuyamikira kuti mphwawo anakwatira mkazi wamwambo, wogwada, wosaiwala kwawo ngakhale wakhalitsa kunja. Nkhaniyo inafala. Mwezi wathawu, pa chilangizo cha mtsikana wina amene akukwatiwa ku Hamilton, amayi a chigwirizano anandiimiritsa kutsogolo.

"Uziona amayi awa," anamuuza. "Anasiya mpira wawo, atakwerera ndege, n'kukaphikira amalume a amuna awo. Ukwati ndi umenewo."

Mtsikanayo anandiyang'ana, akudikira kuti ndinenepo kanthu. Amayi onse anali akuwomba m'manja. Ndinamwetulira, n'kumuuza kuti amvere zimene akuluakulu akunena.