Muziyilola Ipume

Che Yunusu ndakhala nawo pansi pa mtengo umodzi wa mango ku Balaka zaka zisanu ndi zitatu, iwo akukonza magalimoto, ine ndikuwotcherera zitseko ndi mawindo, koma sindinawaonepo akumaliza kapu ya tiyi atakhala pansi. Amamwa ataimirira, phazi limodzi litaloza kale kwina. Ukamawafotokozera nkhani amavomera "eya, eya, eya" usanafike n'komwe pakati. Khalidwe limeneli limandinyansa, ndipo ndimawauza pamaso.

Ntchito yokha amaidziwa, pamenepo ndisaname. Umakaniko anauphunzira ku Joni, kumene anapita mwana wawo Zaina ali ndi miyezi inayi, atalonjeza kuti abwerako chaka chisanathe. Anabwerako Zaina ali Sitandade 7. Banja anapeza litatha, mayi a mwanayo atakhazikika kwawo ku Ntaja. Kuchokera apo, chimene Zaina ankalandira kwa bambo ake chinali malonjezo: njinga imene sinafike, ulendo wa ku Blantyre umene sunachitike, mwambo wotsanzikana kusukulu umene iwo anafika anthu akupakira mipando. Sikuti ndi munthu woipa mtima iyayi. Kungoti chilichonse chodutsa pamaso pawo chimawatenga.

Chaka chatha Zaina anabwera yekha pamtengo pathu kudzawauza kuti akukwatiwa. Anapeza tazungulira galimoto ya a Blasius, imene inali itangokokedwa kumene m'mawa womwewo.

A Blasius ndi nkhalamba ya konkuno. Paunyamata ankayendetsa dokotala wina wachizungu, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira galimoto yake yoyendera mphepo: yofiira, yaifupi ngati yagwada, yopanda denga, mipando iwiri yokha. Inakhala m'shedi zaka makumi awiri, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Atadwala sitiroko, kamwa n'kupotoka, a Blasius anati akufuna aimvenso ikulira asanamwalire.

Zaina anaisisita, n'kuseka. "Iyi ndiye yokwera mkwatibwi."

Mwanayo ankangocheza. Koma Che Yunusu anali atadumpha kale.

"Wallahi, mwanangu, tsiku limenelo ndidzakutenga ndi imeneyi."

Kuseka kuja kunathera pomwepo. "Ababa, musalumbire," anatero Zaina. "Mudzangobwera basi, ngakhale pa kabaza. Mudzangobwera."

Mawu amenewo anandilasa ngakhale sankauza ine. Che Yunusu anawerama n'kuyamba kufunafuna sipanala imene inali m'manja mwawo.

Masabata asanu ndi limodzi anathera pa galimoto ija. Kunja inali yokongola, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawaya anali atadyedwa ndi makoswe. Tsiku lomanga batire, Che Yunusu anamanga monga amamangira galimoto iliyonse, ndipo a Blasius, amene ankabwera tsiku lililonse kudzakhala pampando wanga, anamenya ndodo pansi mpaka fumbi. Zinapezeka kuti galimoto zakale zoterezi n'zotembenuka: waya wa pulasi ndi umene umapita ku chitsulo cha galimoto. Pampu ya petulo nayo ili kumbuyo, pafupi ndi tayala, ndipo ukatembenuza kiyi imayenera kulira thi-thi-thi. Ikakhala chete umaigogoda ndi sipanala kuti idzuke. Makabuleta ndi awiri, ndipo onse anali odzaza utomoni wa petulo wakale.

Tsiku limene injini inalira, a Blasius analira nawo. Anavomera ndi mutu kuti galimotoyo ipite ku Ntaja. Kenaka anadzikoka mpaka kumbuyo kwa galimotoyo, n'kumenyamenya pamenepo ndi dzanja lawo lamoyo lija. Mawu ankatuluka movutika.

"Muzi... muziyilola ipume."

"Eya, eya, eya, agogo," anayankha Che Yunusu. Nkhalamba itachoka anandiyang'ana. "Achimwene a Bizwick, mwamva? Yapuma zaka makumi awiri, ikufunanso kupuma kwanji?"

Tinaseka tonse. Inenso ndinaseka nawo, ndisadziyeretse.

Inali nyengo ija mafuta ankasowa. Che Yunusu anaima pamzere masiku awiri, ndipo Lachisanu m'mawa anadzaza thanki mpaka pakamwa. Akukonzeka kupita ku mzikiti anaima mwadzidzidzi, mphuno m'mwamba. Petulo ankanunkha. Ananunkhiza ngati galu mpaka anafika pa chitsekero cha thanki, ndipo pamwamba pake anapeza kabowo kakang'ono ngati koboola ndi singano.

"Mafuta anga akuuluka!"

Makaniko aliyense kuno amasunga kachidutswa ka sopo m'bokosi la zida, chifukwa petulo sasungunula sopo. Thanki ikadontha panjira, umatafuna sopo pang'ono, n'kumata, ulendo n'kupitirira. Che Yunusu anamata kabowo kaja bwinobwino ndi chala chachikulu. Ine ndinawayamikira kuti ali ndi maso akuthwa.

Loweruka tinanyamuka 6 koloko m'mawa. Tinagwirizana kuti ine ndiwaperekeza, ndipo ku Ntaja ndikatsika kuti mkwatibwi akwere. Zaina ankayenera kuchoka pakhomo pa mayi ake 10 koloko kupita kumalo a madyerero. Nthawi inalipo yambiri.

Tisanathe makilomita khumi, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima.

Che Yunusu anali atatsegula boneti ine ndisanatsike. "Magetsi awa," anatero. Anamasula mapulagi, kuwapala, kuwauzira, kuwabwezera. Patapita mphindi khumi anatembenuza kiyi, injini n'kulira. Anandimenya paphewa. "Mwaona?"

Tisanafike ku Liwonde inazimanso. Ulendo uno anakwawira pansi n'kugogoda pampu, ngakhale pampuyo inkalira yokha thi-thi-thi mofulumira ngati yapenga. Injini inalira, tinapita. Titangowoloka mlatho wa Shire inazima kachitatu, ogulitsa nsomba akutiimbira m'manja. Apa mlandu unagwera koyilo, kuti yatentha. Anavula mpango, kuunyowetsa, kuikulunga. Kachinayi anatukwana petulo kuti ali ndi madzi, anayamwa paipi, n'kulavulira pa nsapato zanga zatsopano. Malaya awo oyera amene anasoketsera ukwati anali atasanduka chigamba chopukutira injini.

Foni inayamba kulira. Anali Che Hassani, amalume ake a Zaina.

"Muli pati?"

"Tayandikira, tayandikira!"

Tinali tisanafike n'komwe pa Nsanama. Nthawi inali 11 koloko.

Ndinawauza kuti tiisiye galimotoyo kwa munthu, tikwere minibasi. Mwana anapempha kuti mungofika, ndinatero. Maso awo anali ofiira, manja akugwira ichi, kusiya, kugwira icho. Ndinadziwa chimene chinkawadya. Akanafika pa minibasi, akanakhala Che Yunusu omwe aja, olumbira dzina la Mulungu pa zinthu zosachitika.

Titadutsa Nsanama inazimanso, pamalo opanda nyumba, dzuwa lili paliwombo. Anathamangira ku boneti, n'kungoima. Panalibenso choti agwire. Chilichonse anali atachimasula kawiri. Anazungulira galimoto, anazunguliranso, anakankha tayala ndi phazi, anayamba kumasulanso mapulagi omwe aja. Ine mtima unandikwera.

"Che Yunusu, khalani pansi!"

"Nthawi, achimwene, nthawi..."

"Ndati khalani pansi! Kuyambira m'mawa mukungovina ngati nkhuku yodulidwa mutu. Zaka zonsezi mukuthamanga, mwafika kuti? Khalani!"

Anakhala pafumbi, msana atatsamira kumbuyo kwa galimoto, mutu uli m'manja. Foni inalira, sanayankhe. Inasiya. Kunangoti zii.

M'kachetechete momwemo tinamva kaphokoso. Phwa. Ngati chigubu chimene mwana wachiyamwa mpweya chikamabwerera m'malo mwake. Kenaka kamluzu kakang'ono kwambiri, kochokera pafupi ndi khutu lawo.

Che Yunusu anadzutsa mutu pang'onopang'ono. Anagwira chitsekero cha thanki. Chinakana, ngati wina akuchikoka m'kati. Atachipotokola ndi manja awiri, thanki inakoka mpweya, fyuuu, ngati munthu amene wavuuka m'madzi.

Anatembenuza chitsekero chija m'manja. Sopo wawo anali pomwepo, chidindo cha chala chawo chikuoneka.

"Ipume," anatero motsitsa. "A Blasius sankanena zopumula. Ankanena mpweya."

Ndi pamene nanenso ndinazindikira. Petulo akamatuluka m'thanki, mpweya umayenera kulowa m'malo mwake, ndipo kabowo kaja ndiyo inali mphuno yake. Titakatseka, pampu inkakoka mpaka kulephera, monga mmene sungamwere m'botolo utalitsekeratu ndi milomo. Tikaima, mpweya unkalowa pang'onopang'ono m'mbali mwa chitsekero, galimoto n'kudzuka yokha. Mapulagi, koyilo, mpango wonyowa, zonse zija sizinachite kanthu. Chinkaichiritsa chinali kuima kokhako.

Anathyola munga pachitsamba, n'kuboola sopo uja. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo sinatsokomolenso mpaka ku Ntaja.

Tinalowa 1 koloko itakwana, akabaza akutithamangira m'mbuyo, ana akukuwa. Ine ndinkadziwa kuti tikapeza pakhomo pali mbuzi zokha.

Pakhomo panali anthu. Galimoto ina yoyera, yomangidwa maliboni, inaima chitseko chili chotsegula, dalaivala akugona pa chiwongolero. Che Hassani ankayendayenda pabwalo nkhope ili gwa. Azimayi anali atatopa ndi kuimba. Ndipo pakhonde, pa mkeka, panakhala Zaina m'zovala zake zaukwati, manja ali pamiyendo.

Che Hassani anatilonjera ndi ukali. "Maola atatu! Akuchimuna atumiza anthu kawiri. Tamunyengerera, tamukalipira, mwana uyu wakana kukwera."

Che Yunusu sanawamve. Anapita pakhonde, malaya ali bii, akununkha petulo, chitsekero cha m'maganizo mwawo chitatseguka. Anayamba kulongosola mofulumira monga mwa masiku onse: za sopo, za kabowo, za mzere wa mafuta, za koyilo imene inalibe mlandu. Zaina sanamwetulire. Anawayang'ana mpaka mawu anawathera.

"Ndinadziuza kuti ndidikira komaliza," anatero. "Mukanapanda kubwera, sindikanakudikiraninso moyo wanga wonse."

"Tiye, mwanangu, tiye, tachedwa, anthu akudikira..."

Zaina anasuntha pang'ono pamkeka paja, n'kumenya ndi dzanja pamalo amene anasiya.

"Adikire. Ababa, pumani."

Che Yunusu anayang'ana galimoto, anayang'ana Che Hassani, anayang'ana msewu. Phazi lija linali litaloza kale kwina. Kenaka anavula nsapato, n'kukhala.

Wina anabweretsa madzi m'kapu, ndipo Che Yunusu anamwa onse mpaka kutha, atakhala pansi. Ine ndinatembenuka n'kuyamba kupukuta mpando wa mkwatibwi, umene unali woyera kale, chifukwa sindinkafuna kuti anthu a ku Ntaja aone mwamuna wamkulu wa ku Balaka akulira.