Bowa wa a Mwanabibi

Mukachoka pa boma la Mangochi n'kuwoloka Shire, minibasi imalira pa chikweza cha Chowe mpaka makutu kutseka. Mukatsika pa Namwera, funsani za a Mwanabibi, aliyense akulozerani. Ine ndekha ndi amene sindingakuperekezeni, chifukwa nkhope yopitira pakhomo pawo ndilibe.

Mayiwa anabadwira m'tsinde mwa phiri la Mangochi. Sukulu anangoilawa. Ali mtsikana ankasankha fodya ku esiteti, kenako anakwatiwa ndi bambo wina amene anapita ku Joni n'kukatchona. Ana atatu anawalera ndi phirilo: masuku mvula ikamayandikira, bowa mvula ikagwa, udzu wofolera m'chilimwe. Ine ndine Raymond, mwana wa kunyanja ku Nkope. Ndinabwera kuno kudzaphunzitsa ndisakudziwa kusiyanitsa msuku ndi mombo.

Mlendo akafuna kukwera phiri, anthu ankamutumiza kwa a Mwanabibi. Ankamufikitsa ku malinga a miyala amene azungu anamanga kalekale, n'kumuimika pathanthwe kuti aone nyanja ya Malombe ndi Shire zili ngwee kumunsi. Ankamumwetsa madzi a m'kamtsinje ozizira mopweteka mano, n'kumuchenjeza kuti anyani a kuno salemekeza chikwama cha munthu. Iwo ankakwera atavala mapatapata, ife a nsapato zodula tili wefuwefu m'mbuyo.

"Aphunzitsi, kodi mapapo munawaiwala m'bwato?" ankandiseka choncho.

Koma panali malo amodzi amene sankaonetsa munthu, kumene ankazula bowa. Ndelema wawo ankafika pamsewu ena asanayambe n'komwe kumuona, wamkulu ngati mbale. Amayi anzawo anayesapo kuwazemberera, koma ankabwerako ndi chitedze chokha. A Mwanabibi ankapita njira ina n'kubwerera ina. Pafupi ndi malowo ankaponda pamiyala pokhapokha kuti pasaoneke kanjira, ndipo pobwera ankaika tinkhuni pamwamba pa dengu.

Chaka china anadwala malungo aakulu. Mwana wawo wamkazi, Safia, anandipeza kusukulu, ndipo ndinawatengera kuchipatala panjinga yanga yamoto, Safiayo atawagwirira kumbuyo. Sindinkaona ngati ndachita chachikulu. Koma mvula ya Januwale itakhazikika, a Mwanabibi anafika kwanga m'mamawa Loweruka.

"Valani nsapato, aphunzitsi. Mbuzi yoti ndikuthokozereni ndilibe, koma maso muli nawo."

Tinadutsa malinga aja, tinatsetsereka, tinapinda pa mwala wong'ambika pakati. Ndiye ndinaona. Pansi pa misuku ndi miombo panali mbuu ndi ndelema, uku bowa wa manyame ali psuu m'masamba. A Mwanabibi anagwada n'kuyamba kudula ndi kampeni, kusiya wamng'ono yense, pomwe adula n'kubwezerapo masamba.

"Malo ano anandionetsa ndi amayi anga," anatero. "Riziki yathu, podyera pathu, ili pano. Maso aone, pakamwa patseke."

Ndinalonjeza. Ndinajambulanso chithunzi pafoni iwo atayang'ana kumbali.

Chaka chathunthu ndinasunga pakamwa. Chinandigwetsa ndi kadyera ka kutamidwa. Pagulu lathu la aphunzitsi pafoni, anzanga a ku boma ndi a ku Monkey Bay anayamba kundinyoza kuti ku Namwera kulibe choona, n'kwa fumbi ndi mphepo basi. Magazi anandiwira. Ndinawalembera zonse: chikweza cha Chowe, malinga, thanthwe, kamtsinje, anyani. Nditaona kuti sakugonja, ndinaponya chithunzi chija. Wina anati ndachitenga kwina. Pamenepo ndinalongosola njira yonse, mpaka mwala wong'ambika uja. Sindinganame kuti ndinaiwala lonjezo. Ndinalikumbukira bwinobwino, chala chili pafoni, koma ndinafuna kuti andigomere.

Uthenga wa pafoni ulibe mpanda. Pasanathe masabata awiri, anyamata ogula bowa wokagulitsa ku boma anali atafika ndi matumba. Iwo za kampeni analibe nazo ntchito. Ankazula ndi wamng'ono yemwe, kupalasa masamba onse ndi ndodo. Pomwe panalibe kanjira panatuluka njira yoti n'kudutsa njinga. M'chilimwe njirayo inaitana owotcha makala, ndipo anapeza mitengo yonenepa imene sankaidziwa.

Mvula yotsatira ndinapitako ndekha. Ndinapeza zitsa, phulusa ndi dothi lofiira lokokoloka. Bowa uja samera popanda mitengo yake, izi ndiye ndinkaphunzitsa ana m'kalasi. Ndinakhala pachitsa, mtima ukundiwawa ngati ndapha munthu.

A Mwanabibi sanandifunse kanthu. Tikakumana ankandipatsa moni monga kale, n'kufunsa za akunyumba. Zimenezo n'zimene zinkandipweteka koposa. Bwenzi atanditukwana pamsika, ndikanapepukidwa. Ndinkawaona atakhala pamsewu ndi timilu ta tomato wopikula kwa ena, pambali pawo anyamata akugulitsa makala. Alendo okwera phiri amawaperekezabe, koma alendowo amabwera mwa apo ndi apo, mwina mwezi kutha osaoneka ndi mmodzi yemwe.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akusankha nandolo, Safia akutsuka mbale chapafupi. Ndinakhala pansi, osati pampando umene anandipatsa.

"Amayi, amene ndinaulula malo aja ndine."

"Ndikudziwa," anayankha osadzutsa mutu. "Safia anandionetsa chithunzicho pafoni ya mnzake. Dengu langa likuoneka pakona."

"Ndikhululukireni. Ndichite chiyani?"

"Muchite chiyani, aphunzitsi? Madzi akatayika saoleka. Amene anapereka ndi Mulungu. Ine ndinakhululuka kale, Ramadani isanathe."

Ananyamuka n'kulowa m'nyumba kuti akaswali. Ndinatsala ndi Safia, amene nthawi yonseyi sanandiyang'ane. Ndinayamba kumuuza za nazale, kuti ndikhoza kupeza mbande za misuku, ana a sukulu n'kutithandiza kubzala, iye n'kudzatilozera mmene mitengo inalili. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenako anakhuthula madzi a m'beseni, n'kupukuta manja pachitenje.

"Ndikulozereni chiyani, aphunzitsi? Ine malowo ndinawaonera pafoni. Amayi ankati adzandionetsa ndikadzakhwima nzeru, pakamwa pakadzasiya kuyabwa. Anayambira inu."